Liwu Limene Ndinachotsa mu Nyimbo ya Azakhali

Sabata yatha, mkulu wa mpingo amene amasindikiza timabuku ta mapemphero kuseri kwa msika wa ku Milange anamata chidziwitso pachitseko chake. Chikunena kuti kabuku ka nyimbo za pamaliro katulukanso, ndipo cholakwa cha patsamba lachisanu ndi chinayi chakonzedwa. Anthu akuyesa kuti analakwitsa ndi mkuluyo. Ndalemba nkhaniyi kuti zidziwike kuti tsambalo ndinaligwira ndine.

Mkuluyo ali ndi kompyuta imodzi ndi makina a fotokope amene amafuna kupumitsidwa akatentha. Nditabwera kutchuthi kuchokera ku koleji, anandipatsa ntchito yowerenga zolembedwa zisanasindikizidwe, popeza ndimadziwa pamene pamakhala h ndi pamene sipakhala. Ndinabwezera h m'mawu ambiri, ndipo za amenewo palibe wadandaula.

Nyimbo ya patsambalo ndi ya azakhali anga a ku Mongue. Anaipeka ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi ataika m'manda mwana wawo woyamba, ndipo anabwera nayo kwathu nkhondo itatha. Imayamba ndi mawu akuti, "Pasiyensiya, mayi." Liwu loyambalo ndi la Chipwitikizi. Ndinafufuza tanthauzo lake mu dikishonale, ndipo m'malo mwake ndinalemba kuti, "Lezani mtima, mayi." Ndinayesa kuyimba, ndipo mawuwo anakwana bwino.

Azakhali sadziwa kuwerenga. Anamva za kusinthaku pamaliro ena, pamene atsikana a kwaya anayimba za m'buku, amayi achikulire nayimba zimene amadziwa. Magulu awiriwo anakumana pa "mayi".

Loweruka lotsatira azakhali anafika ku Milange pa njinga ya kabaza, natipeza ine ndi mkuluyo tikupinda mapepala.

"Dotolo, ndiwe wakonza nyimbo yanga?" Kwathu aliyense wofika ku koleji amatchedwa dotolo.

"Ndine, azakhali. Liwu lija si Chichewa, ndi Chipwitikizi."

"Ndi Mpwitikizi uti anabwera kudzandipepesa ku kampu? Analinena ndi amayi ako, atandigwira paphewa. Kuleza mtima amauza munthu amene wakwiya, akufuna kumenya mnzake. Ine ndinkafuna kumenya ndani?"

Ndinafunsa ngati "pepani" angakhale bwino.

"Pepani amanenanso munthu akakuponda phazi mu minibasi."

Kenako anatembenukira kwa mkuluyo. "Abambo, ngati liwu langa silibwerera, nyimboyo ichokemo m'buku mwanumo. Ndiziyimba ndekha monga kale."

Mkuluyo anayang'ana ine, popeza ndine ndinali ndi dikishonale. Ndinayankha kuti dikishonale sinalakwe pa tanthauzo, koma amene anailemba sanakhalepo pamaliro a ku Mongue. Tinabwezera liwulo tsiku lomwelo, azakhali ali pompo. Anafuna kuti ndiwaloze pa kompyuta pamene lakhala, ndipo analiyang'anitsitsa nthawi ndithu, nanena kuti likuoneka lalitali bwino.

Chimene chatsala ndi kalembedwe. Nditawafunsa, azakhali anati iwo ntchito yawo ndi kuyimba. Ndalemba "pasiyensiya" ndi y awiri, koma mkuluyo akuti mmodzi akanakwana, ndipo sindinapeze lamulo lothetsa mkanganowu. Owerenga amene akulidziwa, kapena amene apeza cholakwa china munkhaniyi, andilembere pakapepala ndi kukasiya kwa mkuluyo. Ndidzawerenga zonse ndisanabwerere ku koleji.