Moni amene sindinapereke pa depoti

Maso anga anayamba kundivuta ndili ku pulayimale. Chinthu chikangotalikira kuposa mkono wanga chinkasanduka nkhungu. Pamene boma linkasamutsa maofesi kuchoka ku Zomba, ine ndinali wotayipa makalata, ndipo ndinabwera ku Lilongwe limodzi ndi mafayilo, pamphuno pali magalasi ochindikala moti maso anga ankaoneka ngati timbewu ta nandolo.

Magalasiwo ndinkadana nawo. Masiku amenewo mtsikana wovala magalasi ankamutenga ngati wodzionetsera kuti anapita kusukulu. Kumsika wa ku Old Town amayi a tomato ankanditcha adona, kwinaku akukodolana. Choncho ndikangotuluka mu ofesi ku City Centre ndinkawaponya m'chikwama n'kumayenda mwa chizolowezi. Koma mzinda womangidwa kumene ulibe chizolowezi. Njira imene wadutsa dzulo, lero waipeza yakumbidwa ngalande. Ndinagweramo kawiri, koma sindinamve ayi.

Ndinali pa chibwenzi ndi kalaliki wina wa kumudzi cha ku Mitundu, ndipo ankhoswe anali atayamba kale kuyenderana. Mayi ake ndinali nditakumana nawo kamodzi. Loweruka lina anabwera m'tauni ndi mwana wawo wamkazi, mlamu wanga. Pa depoti ya basi ndinawadutsa pafupi penipeni, mutu uli m'mwamba, nkhope nditaikwinya pofuna kuwerenga chikwangwani cha basi. Sindinadziwe chilichonse mpaka Lolemba, pamene bwenzi langa linafika pa ofesi nkhope ili gwa.

"Akuti munawadutsa ngati chitsa," iye anatero. "Ndiponso akuti munawakwinyira nkhope. Amalume ati nkhani ija iyambe yaima."

Ndinapsa mtima, kenako ndinachita mantha, chifukwa munthuyo ndinkamufuna. Kudutsa wamkulu osapereka moni si nkhani yoti n'kuthera pa pepani wapakamwa.

"Bwanji mungovala magalasi anuwo tikawafotokozere?" iye anafunsa.

"Ndiwadutse dzana, lero ndikafike pakhomo pawo ndi magalasi? Adzati ndabwera kudzawayeza ngati a zaumoyo."

Ndinasowa pogwira. Kuvala, ndine wonyada. Kuvula, ndine wonyadabe. Kalata imodzi ndinkaitayipa katatu, ndipo pampando sindinkakhazikika. Mayi wina wogwira ntchito ku ofesi ya kazembe, amene tinkakwera naye basi, ndiye anandiuza za timagalasi toika m'diso mwenimwenimo, toti munthu sangatione. Anati dokotala wina wa maso ku Blantyre amatiitanitsa kunja. Loweruka lomwelo ndinali m'basi.

Toyamba tinali tolimba ngati mamba a chambo. Kwa dokotala kuja ndinaona bwinobwino mpaka ndinaseka ndekha. Koma Lilongwe wa mwezi wa Okutobala, mathirakitala akugumula ziulu ndi kusalaza misewu, anali fumbi lokhalokha. Kafumbi kakalowa pansi pa kagalasi ndinkaima pakati pa msewu misozi ili chuchuchu. Maso ankafiira ngati ndagona ku kachasu. Tsiku lina kagalasi kamodzi kanathothoka ndikutayipa, ndipo ofesi yonse inagwada pansi kukafufuza. Tinakapeza kataphwanyika pansi pa nsapato ya mnzanga.

Ndinalembera dokotala uja. Anayankha kuti kwabwera tina tofewa, koma ndidikire. Kudikira ine sindikutha. Tsiku lililonse ndinkapita kukafunsa ku positi, mpaka wapawindo ankapukusa mutu ndisanatsegule pakamwa. Bwenzi langa linayamba kubwera mwa apo ndi apo, ndipo likabwera linkakamba za mpira. Za amalume ake, ziii.

Uthenga unafika mvula yoyamba itagwa, ndipo ndinapitanso ku Blantyre. Tofewato tinakhala m'diso ngati tinabadwira momwemo. Tinkafunika kutiwiritsa m'madzi a mchere tsiku ndi tsiku, koma zimenezo sindinadandaule nazo. Nditabwerako ndinayenda wapansi mu Area 3 monse, ndikupereka moni kwa alonda ndi osamalira maluwa akadali kutali, ena mpaka kudabwa.

Sindinadikire ankhoswe. Lamulungu lotsatira ndinauza bwenzi langa kuti andiperekeze kwawo. Tikulowa m'mudzi ndinawazindikira mayi aja ndili patali, atakhala pamkeka pakhonde, mlamu wanga ali pambali. Ndinagwada kumapeto kwa bwalo n'kuweramitsa mutu monga mwa mwambo. Ndinadziseka chamumtima: miyezi yonseyi ndavutikira kuona, lero ndafika poyenera kuyang'ana pansi.

"Mayi, ndinalakwa," ndinatero. "Pa depoti paja sindinakuoneni. Maso anga ndi ovuta kuyambira ndili mwana, koma ndinkachita manyazi kuvala magalasi."

Ndinakhalabe chogwada. Mawondo anayamba kundiwawa.

"Senderani kuno," mayi aja anatero. Ndinasendera. "Senderaninso."

Anandigwira masaya ndi manja awiri n'kukweza nkhope yanga kufikira pafupi ndi yawo. Apo ndi pamene ndinaona bwinobwino maso awo. Onse awiri anali ndi ng'ala, yoyera ngati madzi otsukira mpunga.

"Inetu pa depoti paja sindinakuoneni," anatero motsitsa mawu. "Anandiuza ndi alamu anuwa. Ndinangovomera kuti eya, watidutsa. Ndikanati sindinaone, ana akanadziwa kuti maso apita."

Mlamu wanga anayang'ana kumbali. Ine misozi inalengeza, ndipo tsiku limenelo kunalibe fumbi.

Mayi aja anapapasa pamkeka n'kutola singano ndi ulusi zimene zinali pafupi ndi chitenje chong'ambika. Anandipatsa m'manja.

"Ndakhala nazo kuyambira m'mawa," anatero. "Tandilowetserani."