Mmene Tinabisira Woimba Wotchuka Mafuta Athu

M'chaka changa chachitatu ndikuphunzitsa ku Lufita, lole yonyamula migolo ya dizilo ndi oyilo kuchokera ku Tanzania inagubuduka pa khona ya kumtunda kwa mudzi wathu. Ndikuti mudzi wathu chifukwa ndinali nditakwatiwa kumeneko, koma kwathu kwenikweni ndi ku Chiradzulu, ndipo Chitumbuka changa nthawi imeneyo chinali cha "monire" ndi "yewo" basi, kupereka moni ndi kuthokoza. Dalaivala anatuluka wamoyo, n'kumangozungulira lole yake akuipepesa kuti "pole, pole" ngati yamva kuwawa ndi loleyo. Migolo ingapo inang'ambika. Mafuta anatsata ngalande, analowa m'kamtsinje kothira mu Lufita, mpaka anakafika pa chitsime chimene mabanja onse a mbali yathu tinkatungapo.

Tsiku loyambalo anthu anathamanga ndi zigubu, izo sindibisa, ndipo njinga zamoto za m'deralo zinayenda mokondwa sabata yonse. Koma chisangalalo chinatha msanga. Tiyi anayamba kununkha ngati chigayo. Ukatunga madzi n'kuwasiya kanthawi, pamwamba pake pankaoneka timitundu tonyezimira, ndipo ana anayamba kudandaula m'mimba. Mjigo wapafupi unali kuseri kwa phiri, ulendo woti ukanyamuka m'mawa umabwerako dzuwa litakwera, uli ndi ndowa imodzi yokha pamutu. Ine ndinali ndi khanda komanso kalasi yondidikira, ndiye nkhani ya madziyi inkandidya mumtima.

Kenaka kunabwera foni. Woimba wina wotchuka wa ku Lilongwe, yemwe nyimbo zake zinkalira m'minibasi ndi m'maukwati onse, anali atamva za ngoziyo. Aphunzitsi aakulu anandipatsira foniyo, ati Chichewa changa ndi cha pa wailesi. Amene ankayankhula anali mayi woyendetsa zochitika za woimbayo. Anafotokoza bwinobwino kuti abwera Loweruka, woimbayo adzavala majombo n'kuthandiza kuchotsa mafutawo, iwo adzajambula, ndipo anthu akufuna kwabwino akadzaona kanemayo adzatikumbira mjigo.

Uthengawo ndinakaupereka ku tchalitchi. Kulakwa kwanga kunali koti ndinayamba ndi mawu akuti, "Kukubwera mlendo." Apongozi anga aakazi, amene ankatsogolera gulu la amayi, zotsatira zonsezo sanazimvenso.

Apongozi angawo ndi munthu woti akamva kuti kukubwera mlendo, ngakhale wodzabwereka mpope wa njinga, amasesa kuyambira pakhonde mpaka kumsewu. Makapu othyoka chogwirira amawabisa m'nkhokwe. Tsiku lina anabisa ngakhale galu wathu chifukwa anali ndi nkhupakupa. Ndiye anaimirira m'tchalitchimo, namanga chitenje mwamphamvu, n'kulamula kuti mawa lake aliyense abwere ndi khasu ndi tsache.

Ndinayesa kuwakoka pambali. "Amama, anthuwa akufuna adzaone mafutawo."

"Adzaone? Mkamwana, kwanu kumwera mumaitana mlendo kuti adzaone nyansi? Yayi. Mlendo ndi mame. Akabwerera kwawo akanene kuti anthu a ku Lufita ndi auve?"

Mtengwa satsutsana ndi apongozi pagulu. Ndinangoti "yewo" n'kukatenga khasu langa. Kunena zoona, nanenso kamtima kanga kankafuna kuti woimbayo adzatione tili anthu.

Tinagwira ntchito masiku anayi ngati tikulipidwa. Abambo anapala dothi lonse lakuda lija, n'kumalituta pa mawilibala kukalikwirira m'dzenje kutali ndi madzi. Akalipentala a pa Boma anatipatsa utuchi. Tinawaza utuchiwo, gaga ndi phulusa kuti zimwe mafuta, ndipo m'kamtsinje tinapingasamo mitolo ya udzu ndi masaka akale, zikada n'kumasintha. Achule ndi tinsomba takufa tinatola tonse. Pamwamba tinathira dothi lofiira latsopano, amayi n'kulizira ndi manja ngati pakhonde la mkwati. Miyala ya m'mbali mwa njira tinaipaka laimu, wina n'kubweretsa maluwa a m'zitini kuchokera kunyumba ya abusa. Pofika Lachisanu, malo a ngoziwo anali okongola kuposa mmene analili lole isanagwe. Chitsime chokha ndi chimene chinatikanika. Tinachikapa kawiri konse, koma madzi atsopano ankabwerabe ndi fungo lomwelo.

Loweruka kunafika galimoto zitatu zili fumbi lokhalokha. Woimba uja anatsika atavala magalasi akuda, ovolosi yatsopano yooneka mopindidwa mwa kusitolo, ndi majombo oyera mbee. Anali wamfupi kuposa mmene amamvekera pa wailesi. Kwaya inamulandira ndi nyimbo yake yomwe, ataisintha mawu kuti ikhale yotamanda Mulungu, iye n'kumangogwedeza mutu osadziwa kuti aombe m'manja kapena adandaule.

Mayi wa pafoni uja anandipeza. "Aphunzitsi, tatitengerani pamene pachitika ngozi paja."

"Mwaima pomwepo," ndinatero.

Anayang'ana pansi. Anayang'ana miyala ya laimu ija, kenaka maluwa a abusa. Apongozi anga anafika akumwetulira mpaka mano a m'mbali kuonekera.

"Tachotsa vyose, mwana wane. Muyende makora, palibe choti chikudetseni."

Mayiyo anandikokera kumbali. "Aphunzitsi, ulendo wonse uja wa usiku ndi usana, tijambule maluwa? Munthu angapereke mjigo ataona malo ngati awa? Apa mpoti anthu azidzajambulitsa zithunzi za ukwati."

Ndinaona mjigo wathu ukukwera galimoto kubwerera ku Lilongwe. Wojambula anapereka nzeru yoti tikapemphe oyilo wakutha ku chigayo, tithire pang'ono pokha pakona. Ndinalakwanso, ndinawamasulira apongozi. Iwo anangoti wothira oyilo pamalo amene azira ndi manja awo adzamunyambita yekha, ndipo izi sizinafunike womasulira.

Woimbayo anayesetsa, ndisamunamizire. Anagwira fosholo n'kumayendayenda kufuna choti afosholepo, koma anangopeza tsamba limodzi la mango. Ataona wilibala anaithamangira, abambo atatu n'kumulanda mwaulemu, mmodzi akuti, "Yayi, bwana, mlendo sagwira ntchito." Anamukhazika pa mpando wa ndalema pansi pa mtengo, wina n'kumamukupiza ndi katoni. Munthu anabwera kudzatipulumutsa, ife tinamusunga ngati dzira.

Masana tinapita nawo kunyumba ya apongozi kukadya. Nkhuku ziwiri zinali zitafa kale, mpunga wa ku Karonga uli tayale. Apa m'pamene tinazindikira kuti madzi abwino onse a kumjigo atha. Ambiri tinaphikira, ena inamwa kwaya, ndipo ndowa yomaliza imene apongozi anabisa kuseri kwa chitseko, dalaivala wa alendowo anali ataipeza n'kutsukira magalasi a galimoto. Otsala anali a pachitsime okha. Apongozi anawasefa ndi chitenje katatu, anawafunditsa, n'kuponyamo masamba a ndimu. Kenaka anagwada pamaso pa mlendo, beseni pansi, n'kuyamba kumuthirira m'manja.

Woimbayo anasamba, n'kuima. Ananunkhiza zala zake. Anayang'ana m'beseni, mmene timitundu tija tinali titayamba kale kuyandama pakati pa masamba a ndimu.

"Mayi, madzi awa ndi a kuti?"

Apongozi anaweramitsa mutu. Ndinkadziwa kuti ndikatsegula pakamwa ndiwavula pamaso pa mlendo, komanso ndinkadziwa kuti ndikakhala chete, mwana wanga adzakulira madzi amenewo. Ndinachita mantha, koma ndinayankha.

"Ndi a pachitsime chathu."

"Ndiye mumamwa omwewa?"

"Ana akamva ludzu sadikira wopita kuseri kwa phiri."

Anavula magalasi aja. Maso ake anali aang'ono, ofiira ndi fumbi la mumsewu, a munthu wamba. Anakodola wojambula. Apongozi ataona kamera ikulowa, anavundikira beseni ndi chitenje chawo n'kuyamba kulira. Zaka zitatu ndili pabanjapo ndinali ndisanaonepo misozi yawo, ngakhale pamaliro.

"Soni, mkamwana, soni. Masiku anayi tikusesa, iwe n'kudzandichititsa manyazi m'nyumba yane?"

Zinandipweteka kwambiri, ndipo mpaka lero ndikakumbukira zimandipwetekabe. Woimba uja anatsika pampando n'kugwada pa simenti, ovolosi yatsopano ija osaisamala. Anawauza kuti chiyambire kuyenda sanalandiridwepo chonchi, ndipo anapempha kuti ajambule beseni ndi manja ake okha, nkhope yawo ayi. Ndinamasulira mawu ndi mawu, osawonjezera. Apongozi anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Kenaka anadzuka.

"Lindani. Ngati n'kujambula, nditenge beseni latsopano. Ili n'lakale chomene."

Anakatulutsadi beseni la maluwa limene ankasungira abusa, natsanuliramo madzi onyansawo mosamala ngati msuzi. Kanema amene anthu anaonera m'mafoni mwawo anali wa beseni limenelo.

Kwa miyezi ingapo apongozi sanandiyankhule. Akafuna mchere ankauza mwamuna wanga, ine ndili pomwepo mcherewo uli m'manja. Ndinkagona ndi chisoni, osadziwa ngati ndataya apongozi ndi mjigo womwe.

Mvula itatha kunabwera chigalimoto chokumba mjigo. Tsiku limene madzi oyamba anatuluka, anthu anavina mpaka kugwera m'matope. Apongozi sanavine. Anadikira kuti gulu lichepe, n'kubwera ndi kachigubu kotsuka bwino. Anapopa okha, osalola wina kuwathandiza, ananunkhiza madziwo, anatseka, n'kukasokerera m'thumba la ufa loyera. Ndiye anandiitana, koyamba chichitikireni zija.

"Mkamwana, lemba dzina la mnyamata woimba uja apa. Ukapereke ku basi. Anachoka pano ndi manja akuda."

Ndinkafuna kuwauza kuti ku Lilongwe kuli mipopi, komanso kuti papita miyezi. Nditayang'ana nkhope yawo ndinangotenga cholembera. M'mawa mwake ndinakapereka kachigubuko kwa kondakitala pa Boma, amene anawerenga dzinalo, nandiyang'ana, n'kufunsa ngati ndi mankhwala achikondi. Ngati kanafika, ine sindidziwa.

Patapita masiku anayi apongozi anandipeza ndikuchapa matewera pamjigo.

"Mnyamata uja wasamba?"

"Wasamba, amama. Akuti yewo chomene."

Anapuma mpweya wautali, nakhala pa simenti pafupi nane, n'kutenga thewera limodzi kuyamba kundithandiza kufinya.

"Enya. Tsopano akhoza kubweranso."