Ndakwera thanthwe lija ndekha

Mwaswera bwanji nonse.

Lero pochokera ku Cassacatiza ndinaimika mota, njinga yamoto yanga ija, pafupi ndi Mualadzi, pathanthwe lalitali lija limene ine ndi malemu Rosa tinkati tidzakwera mvula ikatha. Ndakwera. Nsapato zinkaterera, ndiye ndinazivula n'kuzikoleka m'khosi. Pena ndinadutsa mumng'alu, msana uku, mapazi uku.

Nditafika pamwamba ndinatembenuka n'kutambasula dzanja kuti ndimukoke Rosa, ngati ali pambuyo panga. Ndinakhala choncho kanthawi.

Nditatsika ndinapeza amayi ena akugulitsa mowa wamasese wofulula okha. Analawa kaye iwo, kenaka n'kundipatsa chipanda. Ndisanamwe ndinathira pang'ono pansi.

"Mwathirira ndani, achimwene?"

"Akazi anga."

"Mowa wawo unafululidwa?"

"Ayi."

"Ndiye mukuwamwetsa wogula pamsewu? Iwo akudikira wawo."

Sanali kundikalipira, ankamwetulira ndithu. Mowawo unali wowawasa bwino, koma sindinaumalize.

Amalume, inu mukudziwa kuti apongozi atumiza mawu kawiri. Akufuna kufulula mowa wa chikumbutso cha Rosa, andimete, andisudzule. Kawiri konse ndayankha kuti ntchito yachuluka. Sinali ntchito. Ndikuopa kuti akandisudzula, pakhomo pamene Rosa anakulira ndidzafika ngati mlendo, woyaliridwa mphasa panja.

Mukuona bwanji, abale? Ndiwauze apongozi kuti aviike chimera? Mukati inde, wina andiperekeze. Thanthwe ndakwera ndekha, koma kumeneko sindingathe.