Agogo Anakana Kuchoka pa Chitsa

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene wandisunga mpaka imvi, ndipo sanandibwezere molingana ndi pakamwa panga.

Ndinali ndi zaka khumi, kwathu ku Chikweo, pamene agogo aakazi anatisiya. Agogo aamuna anasiya kudya, n'kumakalipira aliyense, ngakhale nkhuku. Kenaka anayamba chizolowezi chachilendo. M'mawa uliwonse, asanagwire khasu, ankakhala pa chitsa m'mphepete mwa munda wa thonje, maso atatseka, manja pa mawondo, akupuma pang'onopang'ono.

Ndine amene ndinakanena ku mjigo kuti agogo amacheza ndi akufa. Ndinkangofuna kuti anzanga andimvetsere. Sabata isanathe, bodza langa linali litasanduka nkhani ya ufiti, ndipo kwathuko nkhalamba ikatchedwa mfiti, nyumba yake imapsa.

Akulu a mpingo awiri anafika kumundako mame asanaume. Ine ndinali pomwepo, ndikutola thonje.

"Bambo, anthu akuyankhula," anatero wamkuluyo. "Pemphero lanji lopanda mawu? Mukapanda kusiya, Mgonero simudyanso, ndipo anyamata sitingathe kuwaletsa."

Agogo sanafulumire kutsegula maso.

"Iyayi, pano sindichoka. Mkazi wanga atapita, m'mutu mwangamu munali ngati depoti ya pa Liwonde, aliyense kuitanira. Ndikakhala pano ndimamvera mpweya ukulowa, ukutuluka. Ganizo likabwera ndimaliona, n'kulisiya lidutse. Amene anauzira mpweyawu m'mphuno mwanga ndi mfiti kodi? Inu mumalongolola kwa Mulungu sabata yonse. Munampatsako mpata woti ayankhe?"

Ndinagwada, n'kuulula ndikulira kuti bodzalo linachokera kwa ine. Ndinkayembekeza chikoti.

"Kamlomo iwe, khala apa," anatero agogo. "Tseka pakamwa, tseka maso. Undiuze chimene ukumva."

Ndinamva njiwa. Ndinamva belu la njinga kumsewu, kuyabwa kwa thonje m'zala, mtima ukugunda ngati mtondo, kenaka ukutsika. Nditatsegula maso, mkulu mmodzi anali atapita akung'ung'udza. Winayo anali atakhala pa mzere wa thonje, chipewa chili m'manja.

Lamulungu ndinaima kutsogolo kwa mpingo kubweza mawu anga. Agogo anadya Mgonero, ndipo Lolemba anakhalanso pa chitsa chawo, poyera.

Lero ndakalamba, ndimakhala ku Balaka, ndipo nanenso ndimakhala chete m'mawa pakhonde. Alipo amene amanong'ona kuti mutu wayamba kundizungulira. Anene. Nkhalamba imasenza maliro ambiri, ndipo ikapanda malo otulira, chisoni chimaidya isanafe. Sindipepesa kwa munthu chifukwa chopumula pamaso pa Mlengi wanga.

Ambuye akupatseni mtima wodekha, inu okalamba, ateteze madenga anu ku malilime a anthu, ndipo ana anu akakupezani muli chete, akhale nanu pansi. Ameni.