Mmene Ndinakhalira wa kwa Nakhupe

Linali Lachiwiri. Ndinali pamwamba pa nkhokwe, ndikufolera udzu. Amayi anali atapita kudimba ndi mlongo wanga Roza kukakumba mbatata. Zaka zanga zinali khumi ndi zisanu ndi ziwiri, kapena kupitirirapo, kwathu kunalibe woziwerenga. Mudzi wathu unali ku Mozambiki, ulendo wa masiku awiri wapansi kuchokera pa Muloza.

Ndisanapitirire, mudziwe chimene chandigwiritsa cholembera, chifukwa kulemba si ntchito yanga. Ndi malovu. Mdzukulu wanga Tadala, wogwira ntchito ku Blantyre uja, anabwera kuno ku Chinakanaka ndi kabotolo kochepa ngati chala. Akuti anganga lavuliranimo, akayeze DNA, tidziwe kumene dzina lathu la Nakhupe linachokera. Ine munthu wamkulu, telala wodziwika msika wonse, kulavula m'botolo pakhonde anthu akudutsa. Ndinalavula. Anapitanso ku Thuchila kukalavulitsa mng'ono wanga Luwisi. Anakavundukulanso mabuku akale a ubatizo mpaka kudwala chimfine ndi fumbi. Malovu anga anakwera ndege, mwini wakene sindinaikwerepo. Patapita miyezi yankho linafika pafoni: ine ndi Luwisi si magazi amodzi. Nakhupe wa magazi ndi Luwisi. Ine ayi.

Tsopano mwana wanga Petulo, bambo wake wa Tadalayo, akuti banja lake silingayende ndi dzina lobwereka. Akufuna kukasinthitsa maina a ana ang'onoang'ono asanatenge ziphaso. Akuti tifufuze dzina la amene anandibereka.

Zonsezi akanangondifunsa. Akuti anandifunsa kambirimbiri, ine ndinkawakalipira. Mwina. Mawu anga ndi aakulu, ndinabadwa nawo. Tsono werengani, musandidule.

Lachiwiri lija, mfuti yoyamba inalira cha kusukulu. Ndinkayesa wina akuswa nsungwi. Nkhuku ndi zimene zinayamba kuthawa, anthu pambuyo. Pankhokwepo ndinaona utsi, ndinaonanso amuna akubwera mondondozana. Ena anavala zausilikali, ena nsanza. Ndinadumpha. Mpeni wanga unatsala wolasa paudzu.

Ndinathamangira kudimba. Khasu linalipo. Dengu linalipo, mbatata zitafika pakati. Patapata imodzi ya Roza inali pamzere. Ndinaitana katatu. Kachinayi sindinaitane, chifukwa amene anayankha anali mwamuna, ndipo mawu ake sanali a m'mudzi mwathu.

Ndinalowa m'bango n'kumangopita.

Dzuwa litafika pamutu ndinapeza anthu atakhala pansi pa mtengo wa mkuyu. Anali a Nakhupe, telala wa mudzi woyandikana nafe, ndi akazi awo, ndi kamtsikana Maliya, ndi khanda kumbuyo. Khandalo ndiye Luwisi. A Nakhupe anali otsimphina chibadwire. Pambali pawo panali mutu wa makina osokera wokulunga m'chiguduli. Ndinkangowadziwa chifukwa anandisokerapo kabudula mwendo wina wautali.

Sanandifunse dzina. Sanandifunse za amayi. Analoza makinawo nati, "Mnyamata, senza."

Ndinasenza. Chitsulo chimenecho chinali cholemera ngati mphero. Nkhata ndinapanga ya masamba a nthochi, inatha lisanalowe dzuwa. Dazi mukuliona pakati pa mutu wangali si la ukalamba ayi. Linayamba ulendo umenewo.

Sitinkayenda m'njira. Anthu ankati m'njira mwakwiriridwa mabomba. Tinkaponda pamene paponda ng'ombe. Maliya anaphunzira kuchita zimenezo osauzidwa kawiri.

Tinadya chinangwa chachiwisi cha m'munda wa eni ake. Luwisi akafuna kulira, mayi ake ankamutseka pakamwa ndi bere, ngakhale munalibe kanthu.

Mayiwo ankangocheuka tsiku lonse. Masitepe khumi, acheuka. Amuna awo sanacheukepo n'kamodzi komwe. Ndi Maliya amene anandinong'oneza mawa lake kuti mchimwene wake Antonyo, msinkhu wanga ndendende, anatengedwa m'mawa uja kuti akasenze katundu wa anthu amfuti.

Tinadutsa mudzi wina wopanda munthu. Mbuzi zinali chimangire pazikhomo, zikulira. A Nakhupe anatiimitsa, natsimphina kukazimasula zonse. Zinali zisanu ndi imodzi. Ine ndinaima ndi chitsulo pamutu, mtima ukutukwana.

Mtsinje wa Muloza tinaupeza utadzaza. Madzi anandifika pachifuwa. A Nakhupe anandiuza kuti ndikagwetsa makinawo ndiwatsatire konko. Sindinagwetse. Ndinawaika pamchenga, ndinabwerera kukatenga Maliya, ndinabwereranso kukagwira mdalayo mkono. Katatu. Lembani zimenezo pafoni yanuyo.

Tsidya lino kunali tiyi wobiriwira mpaka kuphiri. Amayi othyola tiyi anatiyang'ana, napitiriza kuthyola. Sitinali oyamba. Mmodzi anaponyera Maliya nthochi ziwiri.

Anatisonkhanitsa pansi pa mitengo ya mango. Panali tebulo, kalaliki ndi buku lalikulu. Mabanja okhala ndi achibale pafupi ankaloledwa kupita kwa achibalewo. Anyamata obwera okha ankawaimika pambali kudikira lole yopita ku msasa wakutali. A Nakhupe anali ndi mlongo wawo wokwatiwa kuno ku Chinakanaka. Ine ndinalibe ndi galu yemwe.

Kalaliki anandifunsa dzina. Ndinati Juwawo. Anafunsa dzina la bambo.

Apa ndi pamene inu a masiku ano simumva. Kwathu mwana ndi wa kwa mayi ake. Bambo ndi mkamwini, amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo ena amapita. Wanga anapita ine ndikukwawa. Amayi sanamutchulepo dzina, ankangoti munthu uja. Chimene ndinali nacho ndi mtundu wa amayi, pa Chilomwe timati nihimo. Ndinauza kalaliki kuti ndine Mirasi, wa kwa amayi. Anati m'buku mwake mulibe malo a zimenezo. Analoza ndi cholembera kumene kunaima anyamata a lole.

Ndinatula makina pamapazi a eni ake n'kupita kukaima kumeneko.

Inafika nthawi ya a Nakhupe. Anatchula dzina lawo, la akazi awo. Kalaliki anafunsa kuti ana ndi angati.

"Atatu."

Kalaliki anawerenga ndi cholembera chake. Maliya. Khanda. Anati akuona awiri. A Nakhupe anatsimphina kudutsa bwalo lonse, anthu akuwayang'ana. Anandigwira malaya pakhosi, ngati mbuzi yolowa m'munda, n'kundikokera patebulo.

"Woyamba ndi uyu. Juwawo Nakhupe."

Kalaliki sanali chitsiru. Anali atandifunsa kale. Anatembenukira kwa mayi aja nawafunsa ngati ndinali wawo. Mayiwo anandiyang'ana kumaso koyamba chiyambire ulendo. Anayang'ana nthawi yaitali. Anayang'ananso kutsidya kumene tinachokera. Kenako anati, "Ndi wathu."

Kalaliki analemba.

Dzina la Nakhupe linachokera pamenepo, patebulo la miyendo yogwedera, pansi pa mango. Simulipeza m'buku la ubatizo, simulipeza m'botolo. Tadala, ntchito unagwira, makina akowo sananame. Koma anayankha funso limene aliyense wamkulu m'banja muno ankalidziwa yankho lake. Luwisi atamva anaseka mpaka kutsamwa. Akuti achimwene, mpaka ndege kuti atiuze zimene amayi anatiuza tikusenda nandolo?

Iwe Petulo, imva. Munthu amene ukumufunayo anasiya mwana akukwawa. Botolo likumudziwa, ine sindimudziwa. Ukamupeza dzina lake ulisunge m'thumba, usabwere nalo pakhomo pano. Amene anandiphunzitsa kudula nsalu, amene anakandiyankhulira ukwati kwa amayi ako, amene anakutcha iwe Petulo, ndi a Nakhupe. Ndinawasenza ndine kupita nawo kumanda, kutsogolo, pamalo a mwana woyamba. Palibe anandichotsapo. Ana ako alembedwa Nakhupe. Ndatha, ndipo sindibwereza.

Nkhondo itatha, anthu akubwerera kwawo, tinapitako awiri, ine ndi mdalayo. Tinayenda m'njira ulendo umenewu. Pamudzi pathu tinapeza mitengo ya mango yokha ndi udzu wofika m'mapewa. Tinafunsa midzi isanu ndi iwiri. Za amayi palibe anadziwa. Za Roza, mayi wina anati mwina anamuona, mwina anali wina. Za Antonyo aliyense ankangoyang'ana pansi.

Pobwerera tinakwera lole ya chimanga. Munthu wina wokhala pamatumba anayamba kucheza ndi a Nakhupe, nawafunsa kuti ali ndi ana angati. Ine ndinayang'ana kumbali. Tinadutsa mlatho.

A Nakhupe anati anayi.