Dzina la Amayi Likugulabe Mpunga

Lachitatu lapitali ndinalowa mu golosale ina pafupi ndi msika wa pa Karonga Boma kukagula mpunga. Monga mwa masiku onse, ndinaloza foni pa kachikwangwani ka QR kamene anamata pa kauntala, ndalama n'kupita. Foni ya mtsikana wogulitsa inalira. Anawerenga uthenga, kenako n'kundiyang'ana.

"Achimwene, a Esinati amene amakulipirirani masiku onsewa ndi mama anu? Ndagha, zikomo, mukawapatse moni."

Chakudza sichiyimba ng'oma.

A Esinati ndi mayi anga. Nthawi yolembetsa manambala a foni ija ndinali ndisanatenge chiphaso cha unzika, ndiye anandilembetsera m'dzina lawo. Tinawaika m'manda kwathu ku Dedza chaka chatha, ntchito isanandiponye kuno. Kuno palibe amene anawaonapo. Anzanga a ku ofesi akayamba Chitumbuka kapena Chinkhonde, ine ndimangosekerera ngati ndamva.

Akuluakulu akamakamba za achinyamata ndi malipiridwe atsopanowa amati timafuna zachangu, timaopa akuba, tatopa ndi kudikira chenje. N'zoona ndithu. Koma alipo anatifunsapo za dzina limene limatuluka pa foni ya wogulitsa?

Mnzanga wina wamkazi amakana kwamtuwagalu kulipira chonchi. Akuti analipirapo kamodzi, madzulo ake mwini shopu anali atayamba kale kumutumizira mauthenga achikondi, dzina lonse akulidziwa. Mnyamata wina amene amaolotsa katundu pa malire a Songwe amayendera nambala ya msuweni wake, ndipo safuna mafunso. Amenewa mungawanene kuti ndi otsalira? Zipangizo amazidziwa kuposa amene akuwanyengererawo. Chimene akukana n'kusiya dzina paliponse pamene agula sopo.

Ine vuto langa ndi losiyana. Ndalama zogwirika zimakhala zili m'thumba, koma ndimasankha dala golosale zokhala ndi kachikwangwanika. Ndikalipira, uthenga umabwera wothokoza a Esinati. Ndimauwerenga kawiri. Musandiseke, anthuni, ndimawasowa mayi anga, ndipo m'tauni yonseyi ndi foni yokha imene inkawatchula.

Tsopano anzanga a ku ofesi akundiumiriza kuti ndisinthe dzina pa nambalayi. Akuti foni ikadzatayika sindidzabwezeretsa nambala, pakuti mwini wake sangabwere kudzaonetsa chiphaso. Akunena zoona, ndipo zonse zimene amayi ankandilembera zili pa nambala yomweyi. Akuti n'kanthawi kochepa chabe: ndipite ndi chiphaso changa ndi kalata ya imfa, dzina lawo lichoke, langa lilowe.

Mtsikana uja ankadikirabe yankho. Ndikanamuuza zoona, akanapepesa, mawa lake n'kusiya kuwafunsa.

"Zikomo, achemwali," ndinatero. "Moni wanu afika."

Kalata ya imfa ili m'chikwama changa sabata yachitatu tsopano. Inu mukanakhala ine, mukanapita nayo liti?