Chijeremani cha Mlamu Wanga

Mlamu wanga Pyo Deok-man anafika m'mudzi mwathu, kufupi ndi Yeongju, mu 1970. Anabwera ndi wotchi pamkono, wailesi m'chikwama ndi nkhani imodzi: ankati wakumba malasha ku Jeremani zaka zitatu. Bambo anga atangomva za Jeremani anavomera kuti akwatire mlongo wanga Ok-bun. Ine sindinakhulupirire.

Zifukwa ndinali nazo. Mapepala a ntchito analibe, ankati anapita ndi madzi osefukira. Zipsera zakuda za m'manja mwake munthu angazitenge m'migodi yathu yomwe ino. Anali ndi zithunzi khumi zogula za tchalitchi chachikulu cha ku Köln ndi mtsinje wa Rhine, koma nkhope yake panalibe ngakhale pa chimodzi. Ena ankanong'ona kuti zaka zitatuzo anali kundende.

Ntchito ankaidziwa, zimenezo sindikana. Ankakonza mapampu ndi mathirakitala a ife alimi a maapozi, ndipo chimene wakonza sichinkabwereranso. Koma akangolawa mowa, tchalitchi chija chinkatuluka. Ankati Lamlungu lililonse ankadyera buledi pamasitepe ake. Zaka makumi anayi takhala tikumva zimenezi kuholo ya m'mudzi.

Atakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, mwana wake Jin-ho anachita zimene ana amachita, anagulira makolo ake ulendo. Mwanayo anasankha Jeremani. Mlamu wanga anayamba kudwala bondo. Kenako anati maapozi afuna kupopera, iye wopanda ngakhale mtengo umodzi. Apo ndinagula tikiti yanga.

Amuna a kuholo anandiperekeza ndi mawu amodzi. "Ukamuone bwinobwino, udzatiuze." Mlamu wanga ankadziwa zimene andituma. Ndikanabwerako ndi mawu oti ananama, pa holo ija sakanapondanso.

Ku Köln tinafika pa sitima. Iye anatsogola, natitulutsira khomo lakuseri kwa siteshoni, kumene kunali mabasi okhaokha. Tinazungulira ndi zikwama mpaka Ok-bun anakweza maso.

"Bambo a Jin-ho, chachikulu icho kumbuyo kwanu si chimenecho?"

"Asintha misewu," anatero.

"Alamu, tchalitchinso achisuntha?" ndinafunsa.

Anachiyang'ana monga ndinkachiyang'anira ine, kukamwa kuli yasa.

Kumalo odyera zinafika poipa. Mtsikana wotumikira anabwera akumwetulira. Mlamu wanga anatsegula pakamwa, mawu atatu, okuwa ngati akuthamangitsa ng'ombe m'munda. Kumwetulira kunatha. Mtsikanayo anabwerera m'mbuyo, anthu a tebulo lina anatembenuka. Chakudya tinachipeza poloza zithunzi ndi chala.

"Alamu, mwamuuza chiyani mwana wa eni?"

"Kuti afulumire."

"Ndiye kupempha madzi amati bwanji?"

"Ana a masiku ano amalankhula zina."

"Mwina inu munaphunzira Chijeremani cha kwathu ku Busan."

Ok-bun anaika foloko pansi. "Achimwene, idyani. Inu bambo a Jin-ho, mawa mutiperekeze ku mgodi wanu."

Mawa lake tinakwera sitima ola limodzi ndi kanthu. Ndinaona mlamu wanga akupukuta manja pa thalauza, ndipo ndinaganiza kuti akukonza bodza latsopano. Mgodiwo unatsekedwa kale, tsopano anthu amangopitako kukaona. Ndinati mumtima, ndiye wapulumuka, palibe womutsutsa.

Wotiyendetsa anali mkulu wachijeremani wamapewa otambalala, wa zaka ngati zathu. Mlamu wanga anamupatsa moni wa mawu awiri, "Glück auf." Pambuyo pake ndinamva kuti ndi moni wa anthu a m'migodi okha. Mkuluyo anayankha chimodzimodzi, koma anamuyang'ana kawiri. Ine sindinatengeke. Moni ngakhale mbalame imaphunzira.

Anatilowetsa m'chipinda chachitali ngati nkhokwe ya boma. Kudenga kunali madengu achitsulo mazanamazana, lililonse pa tcheni chake, ndipo matcheniwo ankatsikira pa mizere ya ngowe zokhala ndi manambala. Ine ndinayesa ndi poyanika nyama.

Mlamu wanga anatisiya. Anayenda molunjika, osawerenga manambala, mpaka pa mzere wachitatu. Anakowola tcheni chimodzi, nandikankha pachifuwa ndi chigongono.

"Chokani apo, nsapato zimagwa."

Iyenso anapatuka phazi limodzi, osayang'ana kumwamba, ndipo tcheni chinayenda m'manja mwake mwaliwiro. Dengu linaima ndendende pachiuno pake. Munali mopanda kanthu. Apa m'pamene ankapachika zovala zoyera akamatsika pansi, ndi zakuda akamatuluka.

Mkulu uja anayamba kukuwa kuti zinthuzo sizigwiridwa, koma anathera pakati. Anafunsa kanthu. Mlamu wanga anayankha ndi mawu okuwa aja, omwe anaopsa mtsikana wa dzulo. Mjeremaniyo anaseka mpaka kugwira khoma. Anabweza mawu oipa kuposa pamenepo, nkhope inkaonetsa. Anakuwizana choncho nthawi yaitali, akumenyana pamapewa. Kenako mkuluyo anatulutsa kachitini ka fodya wam'mphuno, poti pansi pa mgodi sayatsa moto. Anathira pang'ono kuseri kwa dzanja la mlamu wanga. Mlamu wanga anakoka m'mphuno mbali zonse ziwiri, diso osaphethira. Mkuluyo anandipatsanso ine. Ndinayetsemula kasanu.

Panja tinakhala pa benchi. Ndinamufunsa mlamu wanga mosazungulira.

"Mgodi ndauona. Nanga tchalitchi?"

"Sindinachionepo. Dzulo kanali koyamba."

"Zaka zitatu?"

"Masiku asanu ndi limodzi pansi, Lamlungu kugona. Akafuna anthu owonjezera, ndinkatsikanso. Zithunzi ndinagula pa siteshoni tsiku lobwerera."

"Ndiye munanamiranji?"

"Alamu, bambo anu anandifunsa kuti ku Jeremani ndinaonako chiyani. Ndikanati dzenje?"

"Nanga Chijeremani chokalipa chija?"

"Ndicho anandiphunzitsa. Fulumira, choka, mwala ukugwa, ndi kutukwana. Pansi panalibe wopempha tiyi mwaulemu."

Ndinatembenukira mlongo wanga, ndikuyesa akwiya. Iye ankasenda lalanje.

"Za tchalitchi ndinadziwa kale," anatero. "Chaka china ankati chili ndi nsanja ziwiri, chaka china zitatu. Inu achimwene mumamvetsera kuti mumugwire, koma simunawerenge ngakhale nsanja."

Tsiku lomaliza tinabwerera ku Köln. Bondo lija silinamveke. Mlamu wanga anagula buledi, nakhala pamasitepe a tchalitchi, nandipatsa kamera.

"Jambulani, nkhope ioneke."

Ndinajambula. Chithunzicho chinapendekeka, koma nkhope ilipo.

Titabwerera kumudzi, amuna a kuholo anandizinga ndisanavule nsapato. Mlamu wanga anaima pakhomo, chipewa chili m'manja, osalowa.

"Tiuze. Anapitadi?"

"Anapita," ndinatero. "Ndaona dengu lake."

"Nanga tchalitchi?"

"Chithunzi chilipo. Musunthe, munthu akhale."

Anasuntha. Mpaka lero amakhala pamenepo. Za tchalitchi anasiya, tsopano amakamba za matcheni, ndipo anthu amati nkhani zakale zija zinkakoma kuposa izi. Za madzi osefukira amene anatenga mapepala ndikukayikirabe. Chaka chimene amatchulacho kunali chilala.